Wagwa kale, ungamugwetsenso? Malamulo a kugwetsana ndi kumenya kwa mpata mu D&D ndi Pathfinder

Pali mkangano umodzi umene sukalamba pakati pa anthu osewera Dungeons & Dragons 3.5. Msilikali wamutchera ndale mdani, mdaniyo ali chagada. Ikafika nthawi yake akufuna kudzuka, ndipo buku likuti munthu akamadzuka pafupi ndi mdani amapereka mpata woti amenyedwe. Mwini msilikali uja amangotola dayisi n'kunena kuti, "Ndikumugwetsanso." Apa ndi pamene tebulo limagawanika, chifukwa akaloledwa ndiye kuti aliyense wogwa kamodzi akhoza kufera pomwepo osaimanso ndi miyendo yake.

Kwa amene sanawaonepo masewerowa: anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense akuyendetsa munthu wake wongopeka, ndipo mmodzi, Dungeon Master kapena kuti DM, amayendetsa adani ndi kuweruza pakakhala kusamvana. Zotsatira za pafupifupi chilichonse zimachokera pa dayisi ya mbali 20, imene amaitcha d20. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa D&D yoyamba mu 1974, koma malamulo amene tikukamba pano ndi a kope lachitatu limene Wizards of the Coast inatulutsa mu 2000 n'kulikonzanso mu 2003 kukhala 3.5. Pathfinder ya kampani ya Paizo, ya mu 2009, inamangidwa pamwamba pa 3.5 yomweyo. M'masewero awiriwa nkhondo imachitikira pa mapu a timabokosi. Kabokosi kalikonse ndi mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo raundi imodzi ndi masekondi 6 a m'nkhaniyo.

Vuto la nkhondo yosinthana nthawi ndi lakuti wina akamachita zake, ena onse amakhala ngati zipilala. Popanda lamulo lina, mdani akanatha kudutsa pamphuno pa msilikali wonyamula lupanga n'kukabaya mnzake amene akumuteteza kumbuyo, msilikaliyo akungoyang'ana. Attack of opportunity, kumenya kwa mpata, inabwera kudzatseka bowo limeneli. Munthu wonyamula chida amaopseza timabokosi tonse timene angafikire ndi chidacho, nthawi zambiri timabokosi 8 tomuzungulira. Mdani akatuluka m'kabokosi koopsezedwa, kapena akachita chinthu chomuchotsa maso pa ndewu ali m'kabokosiko, monga kulodza, kuponya muvi, kumwa mankhwala kapena kutola chinthu pansi, woopseza uja amamenya kamodzi kwaulere, ngakhale si nthawi yake. Kumenya kotereku kumaloledwa kamodzi pa raundi, pokhapokha munthu akhale ndi luso la Combat Reflexes, limene limawonjezera mipata molingana ndi bonasi yake ya Dexterity, nambala yoimira changu cha thupi lake. Kusuntha kabokosi kamodzi kokha, kumene amati 5-foot step, sikupereka mpata.

Mawu amodzi m'lamuloli ndi amene asenza nkhani yonse. Buku limati kumenya kwa mpata kumadula zochitika pakati: mpata ukangopezeka, kumenyako kumachitika nthawi yomweyo, kenako zimene zinadulidwa zimapitirira. Tikumbukire zimenezi, tizifuna posachedwa.

Tsopano ndale yokhayo. Mu 3.5 kugwetsa munthu kumalowa m'malo mwa kumenya kumodzi kwa pafupi, ndipo chifukwa cha ichi n'kololedwa pa kumenya kwa mpata, pakuti nakonso ndi kumenya kwa pafupi. Poyamba umaponya d20 kuti umukhudze chabe mdaniyo, zovala zake zachitsulo ndi chishango osawerengedwa. Ukamukhudza, nonse awiri mumaponya: iwe Strength yako, nambala ya mphamvu zako, iye Strength kapena Dexterity, imene ili yaikulu. Wamkulu thupi amawonjezera 4 pa sitepe iliyonse ya kukula kuposa munthu wamba, wamng'ono amachotsa 4, ndipo cholengedwa cha miyendo yoposa iwiri, kapena chokhazikika ngati dwarf, munthu wamfupi wojintcha wa m'nthano, chimawonjezera 4 podziteteza. Sungagwetse chinthu chokuposa kukula ndi masitepe awiri kapena kuposerapo. Ukalephera, mdaniyo amaloledwa kukubwezera ndale pomwepo, ngakhale kuti wogwiritsa ntchito chida chokolera miyendo, monga flail, guisarme kapena unyolo wa minga, akhoza kungochitaya chidacho m'malo mogwa.

Wogwa amalandira chilango cholemera. Akamamenya ali pansi amachotsa 4, ndipo chitetezo chake, AC, chimatsika ndi 4 kwa omumenya pafupi, ngakhale chimakwera ndi 4 kwa oponya mivi. Uta sangakoke, kupatula crossbow. Kudzuka kumadya move action yake, gawo la nthawi yake limene akanayendera, ndiye kuti sangathenso kumenya kambirimbiri pa nthawi imeneyo, ndipo kumapereka mpata.

Mfundo yomalizayi inali yatsopano mu 2003. Mu kope la 2000 kudzuka sikunkapereka mpata, ndipo luso la Improved Trip linalibe bonasi. Kope la 3.5 linasintha zonse ziwiri nthawi imodzi: Improved Trip inayamba kupereka 4 pa mpikisano wa Strength, pamwamba pa mphatso yake yakale yakuti ukagwetsa munthu umamumenya pomwepo ngati kuti ndaleyo sinakudyere kumenya kwako. Mkangano wathu unabadwa pa kusintha kumeneku.

Kuti tione chifukwa chake ma DM ankachita mantha, tiwerengere. Msilikali wa Strength 18 ali ndi bonasi ya 4, ndipo Improved Trip ikuifikitsa pa 8. Orc wamba, chilombo chooneka ngati munthu cha m'buku la zilombo la Monster Manual, ali ndi Strength 17, bonasi ya 3. Madayisi awiri a d20 amagwa m'njira 400, ndipo pa kusiyana kwa 5 kumeneku msilikali amapambana m'njira 295, pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Mnzake wa msilikaliyo akamulodza ndi matsenga okulitsa thupi a enlarge person, thupi likukula sitepe imodzi ndipo Strength ikukwera ndi 2, bonasi yonse n'kufika 13. Tsopano akupambana m'njira 355 mwa 400. Orc amene amagwa pafupifupi ka 9 pa ka 10 kalikonse akayesa kudzuka, n'kulandiranso chibonga cha Improved Trip nthawi iliyonse, wafa kale, angotsala kuikidwa m'manda. Komanso DM wanzeru amaganiza za tsiku limene luso lomweli lidzakhala m'manja mwa mdani, ndipo wogona pansi raundi ndi raundi adzakhala munthu wa wosewera wina amene wabwera kudzasangalala.

Pa funso loti wodzuka angagwetsedwenso, yankho la eni malamulo ndi lakuti ayi, ndipo Wizards of the Coast ndi Paizo onse anayankha chimodzimodzi mu FAQ yawo, mndandanda wa mayankho a mafunso ofunsidwa kawirikawiri. Kumenya kwa mpata kumachitika chinthu chimene chakuyambitsa chisanathe. Munthu wanena kuti akudzuka, mpata wapezeka, kumenya kukuchitika, ndipo pa nthawi imeneyo iye adakali pansi. Ndale ilibe chimene ingamuchite, chifukwa chotsatira cha ndale ndi kugwa, iye wagwa kale. Kumenyako kukatha, amamaliza zimene anayamba, n'kuimirira.

Otsutsa amakhala ndi mfundo yomveka. Amati munthu sadzuka ngati mphezi, pali kamphindi kamene amakhala atagwada, dzanja limodzi pansi, ndipo aliyense amene anaonapo ndewu amadziwa kuti pamenepo kukankha pang'ono kumamubwezera m'fumbi. Zoona. Koma malamulowa sadziwa kugwada kotero. Amadziwa zinthu ziwiri zokha, wagona kapena waima, ndipo dongosolo la nthawi silisintha malinga ndi chimene womenya akufuna. Taonani wolodza. Akayamba kulodza pafupi ndi mdani, amamenyedwa matsengawo asanatuluke, n'chifukwa chake bala limamukakamiza kuponya Concentration, dayisi yoona ngati maganizo ake sanasokonezeke, yolimbana ndi 10 kuphatikiza kukula kwa balalo ndi levulo ya matsengawo. Kumenya kukanabwera pambuyo, sipakanakhala choti chisokonezeke. Wothawanso amamenyedwa adakali m'kabokosi kamene akutulukamo, apo ayi lupanga silikanamufikira. Palibe chifukwa choti kudzuka kokha kukhale ndi dongosolo lakelake.

Chitsanzo cha wolodza chikuonetsanso china. Pamene olemba ankafuna kuti kumenya kwa mpata kulepheretse chinthu, analemba poyera. Wolodza amataya matsenga akalephera Concentration. Wofuna kugwira mdani mwa grapple, kapena kumulanda chida, amalephera ngati kumenya kwa mpata kwamuvulaza. Pa kudzuka sanalembe chilichonse chotere.

Ndipo pali funso limene DM angafunse wosewera wokakamira: mdaniyu, pamene mukumumenya, wagona kapena waima? Akati wagona, ndale siigwira. Akati waima, ndiye kuti chitetezo chake sichinatsike ndi 4, pomwe wosewera yemweyo wakhala akuwerengera bonasi imeneyi pa kudzuka kulikonse kuyambira kale. Ambiri amafuna zonse ziwiri, nyama ndi msuzi womwe.

Ine ndimagwirizana ndi chigamulochi, ngakhale chifukwa changa chachikulu si dongosolo la mawu. Chimasiyira wogwa zosankha zenizeni. Akhoza kumenya ali chigonere, kuchotsa 4 koma osapereka mpata, ndipo kumenya kwake konse kwa raundi kumakhalapobe. Akhoza kudzuka n'kulandira chibonga chimodzi, podziwa kuti pambuyo pake ayima ndithu. Akhoza kuyamba ndi total defense, imene imadya standard action, gawo la nthawi yake limene akanamenyera, n'kumupatsa 4 pa chitetezo, kufafaniza chilango cha kugona, kenako n'kudzuka ndi move action yotsalayo, ngakhale raundi imeneyo sadzamenya. Kukwawa kabokosi kamodzi nakonso kulipo, koma kumapereka mpata ndipo kumamusiya ali pansi, choncho kawirikawiri n'kopanda phindu. Zonsezi ndi zowawa, koma wosewera ali ndi choti aganize. Ndale yobwerezedwa pa kudzuka imasandutsa nthawi yake kukhala kuponya dayisi imodzi yomwe akudziwa kuti aluza.

Wogwetsayo asadandaule kuti wamanidwa. Kumenya kwake kwa mpata kumagwera munthu amene chitetezo chake chatsika ndi 4. Akafuna, angalowetsepo disarm, kumulanda chida, m'malo mwa kumenya, pakuti nayonso imalowa m'malo mwa kumenya kwa pafupi, ndipo mu 3.5 wogona amaponya mpikisano wa disarm atachotsa 4. Mdani amaimirira manja ali m'malere, lupanga lili pamapazi pake, ndipo kuwerama kuti alitole ndi mpata winanso. Ikafika nthawi ya msilikaliyo, amamugwetsa mwatsopano.

Pamene chigamulo cha FAQ sichithandiza kwenikweni ndi pa munthu wogwetsedwa akuyenda. Tiyerekeze msilikali wa guisarme, chida chachitali chimene chimafika timabokosi ta pa mafiti 10 koma osati toyandikana naye. Orc akuthamangira kwa iye. Kulowa m'kabokosi ka pa mafiti 10 kulibe vuto, koma kutulukamo kuti afike pafupi ndi mpata. Pamenepo orc waima ndi miyendo yake, ndiye ndale ndi yololedwa popanda mkangano. Wagwa m'kabokosi komweko, chibonga cha Improved Trip chamupeza, ndipo kuyenda kwake kwathera pomwepo chifukwa wogona sayenda. Ngati anali pa move action wamba, yamutsalira standard action, imene angaisinthe kukhala kudzuka. Kudzukako ndi mpata wachiwiri, wosiyana ndi woyamba, ndipo msilikali wa Combat Reflexes amamenyanso. Lamulo loti mdani mmodzi sapereka mipata iwiri limakamba za kutuluka m'timabokosi tingapo ta woopseza yemweyo pa raundi imodzi, silikamba za zochita ziwiri zosiyana. Orc wamenyedwa kawiri, nthawi yake yatha, ndipo sanakhudze munthu. Ngati anabwera mwa charge, kuthamangira mdani kuti amumenye, imene imadya raundi yonse, sangadzuke n'komwe mpaka nthawi yake yotsatira.

Njira yotulukira ilipo, ndipo osewera atsopano amaiphonya. Kudzuka sikuwerengedwa ngati kuyenda mtunda, choncho munthu amene anayamba nthawi yake ali pansi akhoza kudzuka, kutenga 5-foot step yosapereka mpata, n'kumenya ndi standard action. Kwa wa guisarme sitepe imeneyi imamulowetsa mdani mkati mwa chida, pamene sichifika. N'chifukwa chake unyolo wa minga unatchuka kwambiri mu 3.5: unali kuopseza pa mafiti 5 ndi pa mafiti 10 pomwe, unkakola miyendo, ndipo unkawonjezera 2 pa disarm. Paizo itafika inauchotsera utali umenewo, ndipo mu Pathfinder unyolowu umafika pafupi pokha.

Pathfinder inasinthanso masamu onse. M'malo mwa madayisi awiri opikisana, womenya amaponya d20 ndi CMB yake, bonasi ya zochita monga ndale, kulimbana ndi nambala yokhazikika ya mdani, CMD, imene ndi 10 kuphatikiza base attack bonus (bonasi ya luso lake la kumenya), Strength, Dexterity ndi kukula. Kubwezerana ndale kunatha, koma ukalephera ndi 10 kapena kuposa umagwa wekha. Mwendo uliwonse woposa iwiri umawonjezera 2, ndipo zouluka ndi zopanda miyendo sizigwetseka. Improved Trip inatsika kukhala 2 ndipo inataya chibonga chaulere. Chibongacho chinasamukira ku Greater Trip, imene imafuna base attack bonus ya 6, ndipo chinasintha maonekedwe: ukagwetsa munthu, iye amapereka mpata, kwa iwe ndi kwa anzako onse amene akumuopseza.

Kusintha kumeneku kunabala mkangano wakewake. Ngati kumenya kwa mpata kumabwera chinthu chisanathe, kodi wogwetsedwa ndi Greater Trip amamenyedwa asanafike pansi, popanda chilango cha 4? Ena amatero, pofuna kutsata dongosolo lomwe lija mpaka kumapeto. Kwa ine kuwerenga kumeneku kukusokoneza zinthu ziwiri. Kudzuka ndi chinthu chimene munthu amayamba kuchita, chili ndi chiyambi chimene ungachidule. Greater Trip imayamba kugwira ntchito ndale itapambana kale, ndipo ndale yopambana tanthauzo lake ndi munthu ali pansi. Ndingagamule kuti chilango cha 4 chilipo. Koma apa mawu a m'buku amalola mbali zonse, ndipo ndi bwino DM anene maganizo ake munthu asanawononge maluso atatu, Combat Expertise, Improved Trip ndi Greater Trip, pomanga msilikali wotere.

Greater Trip ikuonetsanso chifukwa chake DM asalole ndale pa munthu wogona ngakhale wosewera atanena kuti akudziwa kuti sizimuletsa kudzuka. Mu 3.5 kuchita zimenezi kunali kudzivutitsa chabe, chifukwa ndale yopambana imakubwezera kumenya kumodzi komwe unali nako kale. Mu Pathfinder "kupambana" koteroko kukanatsegula mpata watsopano kwa gulu lonse, ndipo anthu awiri a Greater Trip ndi Combat Reflexes akanamapatsirana mipata pa munthu mmodzi wogona mpaka Dexterity yawo itatha.

Kope lachisanu la D&D, la mu 2014, linathetsa nkhaniyi pongodula mizu yake. Opportunity attack imachitika pokhapokha mdani amene ukumuona akutuluka pamene ungafikire, ndipo imadya reaction yako, chochita chimodzi pa raundi chimene ungachite ngakhale si nthawi yako. Kudzuka kumadya theka la liwiro la munthu ndipo sikupereka mpata uliwonse. Kukankha munthu kuti agwe, shove, kumalowa m'malo mwa kumenya kumodzi kwa Attack action yokha, ndiye sikuloledwa pa opportunity attack. Komabe khomo silinatsekeke lonse. Trip Attack, ndale ya msilikali wa mtundu wa Battle Master, imagwira pa kumenya kulikonse kwa chida kumene kwalasa, ngakhale kwa mpata, ndipo luso la Sentinel limatsitsa liwiro la womenyedwa kufika pa 0 kwa nthawi yake yotsala. Munthu wa liwiro la 0 sangadzuke. M'kope limeneli njira yeniyeni yosunga mdani pansi ndi kumugwetsa kenako kumugwira mwa grapple, imene nayonso imaika liwiro pa 0, ndipo amakhala chigonere mpaka atadzimasula. Mabuku okonzedwanso a mu 2024 anaika shove ndi grapple mkati mwa Unarmed Strike, imene ndi yololedwa pa opportunity attack, choncho kugwetsa wothawa kunabwerera kwa aliyense. Kudzuka kukadali kosapereka mpata.

Pathfinder yachiwiri, ya mu 2019, ndi imene imasokoneza anthu ochokera ku malamulo akale, chifukwa inatembenuza dongosolo lija. Kumeneko si aliyense amene ali ndi kumenya kwa mpata. Fighter, msilikali, amayamba nako, ena amachita kukusankha pambuyo pake, ndipo zilombo zambiri zilibe. Mabuku a mu 2023 anakusintha dzina kukhala Reactive Strike. Kudzuka kumakuyambitsa ndithu, koma lamulo likuti ngati kusunthako sikukutulutsa munthu m'kabokosi kake, kumenya kumabwera kusunthako kutatha. Choncho wodzuka amamenyedwa ataima kale, chitetezo chake chitabwerera m'malo. Wina angaganize kuti apa ndale yachiwiri yapeza khomo, koma Reactive Strike imalola Strike yokha, kumenya wamba, ndipo Trip, ndale, m'malamulo amenewo ndi chochita china cha luso la Athletics chimene sungachilowetse m'malo mwake.